Bala Langa Silinaole

Vuto langa linayamba ndi msambo. Munali m'mwezi wa Disembala, chapakati pa zaka za m'ma 1980, tikuwokera fodya m'munda mwa apongozi anga kufupi ndi ku Edingeni. Kuyambira utsikana wanga ndinkasamba masiku ochepa n'kuuma, koma mwezi umenewo magazi anapitirira sabata, ndipo ankatuluka oundana. Ndinangoti mwina ndi kutopa ndi ntchito ya dzinja. Mwezi wotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo ulendo uno panawonjezeka kupweteka kwa msana ndi kulemera kwa m'chinena.

Ine kwathu ndi ku Kasungu. Kumeneko ndine NaPhiri, koma nditakwatiwa kubanja la a Shaba ku Mzimba, aliyense anayamba kunditcha NyaPhiri monga mwa chikhalidwe cha kuno. Nthawi imene ndikunenayi ndinali ndi ana atatu. Amuna anga, bambo a Temwa, anali ku migodi ku Joni, ndipo chaka chinali chitatha kale chichokereni. Ndinkakhala pamudzi ndi makolo awo, amene ankandisunga bwino ngati mwana wawo.

Pofika mu Epulo, tikuyamba kukolola, mphamvu zinayamba kundithera. Ndikasenza ndowa kuchokera kudambo, mtima unkagunda mpaka m'makutu, ndipo ndinkaima kupumira panjira pomwe kale ndinkadutsa ndikuimba. Zikhatho zanga zinayera. Ndinayambanso kulakalaka dothi la pachulu, moti ndinkalibisa m'kansalu n'kumadya ndili ndekha. Tsiku lina ndikusamba ndinakhudza chinthu cholimba pansi pa mchombo, chachikulu ngati bango losapsa. Sichinkapweteka, choncho ndinachisiya.

Chinthucho chinapitiriza kukula. Mu Ogasiti mimba yanga inali itatukuka ngati ya mayi wa miyezi isanu. Ndinkakodza pafupipafupi, ndipo chimbudzi chinkavuta. Ndinkamanga chitenje motayirira kuti anthu asaone, koma mimba siibisika. Amayi a m'mudzi anali ataona kale kuti ndikudya dothi, ndiponso kuti ndikufooka, ndipo aliyense amadziwa zomwe zizindikiro zimenezi zimatanthauza kawirikawiri. Palibe ankadziwa za magazi omwe ndinkataya mwezi ndi mwezi, chifukwa nkhani zotere sitinkakambirana poyera.

Zinthu zinafika poipa mu Seputembala. Ndinapita ku boma ku Mzimba ndi amayi ena a m'mudzi mwathu kukagulitsa nyemba. Masiku amenewo munthu sunkalowa mumsika popanda kuonetsa khadi la chipani kwa anyamata omwe ankaima pachipata. Ndinaonetsa langa. Mmodzi wa iwo anayang'ana mimba yanga n'kunena mokweza kuti, "Nanga la mwana ali m'katimu lili kuti, amama?" Anthu anaseka. Ine ndinayankha kuti mulibe mwana, koma kuseka kunangowonjezeka. Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina wa kwathu akunong'oneza mnzake kuti amuna anga atsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri ali ku Joni. Ulendo wobwerera palibe anandiyankhula.

Pasanathe masiku ambiri nkhaniyo inali itadzaza mudzi. Kuchitsime amayi ankasiya kucheza ndikafika. Mwana wanga wamkulu Temwa anabwera kuchokera kusukulu akulira, atanyozedwa ndi anzake. Ndinkadziwa bwino chomwe chikanatsatira. Kuno mkazi wolowoledwa akapezeka ndi mimba ya kunja amabwezedwa kwawo, ndipo ana amatsala kwa bambo awo. Chimene chinkandisowetsa mtendere si manyazi okha ayi, koma kuganiza zosiya ana anga.

Apongozi anga aakazi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe masana ena. Anali mayi wofatsa, wosakonda mawu ambiri. Anandifunsa mwachindunji kuti mimbayo ndi ya ndani. Ndinawauza zonse, za magazi, za chizungulire, za chinthu cholimbacho. Kenaka ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti asakhulupirire ine kapena anthu a kuchitsime, koma apite nane kuchipatala cha mishoni akamve okha. Anavomera.

Tinafika kuchipatala m'mawa, n'kukhala pa benchi pakhonde pamodzi ndi anthu ambiri. Tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Namwino amene anatilandira anali mayi wamfupi, wolankhula modekha, dzina lake Sisita Moyo. Anandiyang'ana m'zikope ndi m'kamwa, n'kupukusa mutu. Anatenga mkodzo ndi magazi pang'ono kukayeza. Kenaka adokotala anandigoneka pabedi, n'kupapasa mimba yonse, n'kumvetsera ndi kachitsulo kokhala ngati lipenga komwe amamvera kugunda kwa mtima wa mwana. Ndinapempha kuti apongozi anga alowe asananene chilichonse.

"Mayi awa alibe pakati," anatero adokotala, Sisita Moyo akumasulira m'Chitumbuka. "Ali ndi chotupa m'chiberekero. Ndi chimene chikuwataitsa magazi. Zotupa zotere zimachitikira amayi ambiri, ndipo sizibwera chifukwa cha khalidwe la munthu."

Apongozi anga anandigwira dzanja mwamphamvu. Koma chimwemwe chawo sichinakhalitse, chifukwa adokotala anapitiriza kunena kuti chotupacho chakula kwambiri, ndipo njira yokhayo ndi opaleshoni yochotsa chiberekero chonse. Anati magazi anga ndi ochepa kwambiri, choncho ndiyambe ndamwa mapiritsi owonjezera magazi, ndibwerenso pakatha mwezi ndi munthu wa kubanja woti avomereze. Atangomva mawu oti opaleshoni, apongozi anga anasiya dzanja langa n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake. M'banjamo munali mwana mmodzi yekha wamkazi, mlamu wanga Wezi. Chaka chomwe ndinakwatiwa, Wezi anavutika pobereka mwana wake woyamba, ndipo anamuchita opaleshoni pachipatala china chakutali, komwe ankakhala ndi mwamuna wake. Mwana anatuluka wamoyo, naye Wezi anadzuka bwinobwino n'kuyamwitsa. Patapita masiku ochepa thupi linayamba kutentha. Bala linatupa, linafiira, kenaka linatseguka n'kuyamba kutuluka mafinya. Ine ndinali m'gulu la omwe anapita kukamudwazika. Fungo la m'chipindamo sindinaliiwale mpaka lero. Anamubaya majakisoni ambiri, koma matenda anali atalowa kale m'magazi. Anamwalira mwana wake asanakwanitse mwezi. Kuchokera nthawi imeneyo, m'banja la a Shaba mawu oti opaleshoni ankamveka ngati mawu oti maliro.

Titabwerera kumudzi, apongozi aakazi anafotokozera amuna awo zonse. Ine sindikanatha kuyankhula nawo ndekha, chifukwa mwambo wa kuno sulola mkamwana, mkazi wa mwana wawo, kuyang'anizana ndi apongozi aamuna. Yankho linabwera kudzera mwa mayiwo. A Shaba aakulu anati akukhulupirira kuti ndilibe mlandu, ndipo aliyense wondinena adzayankha kwa iwo. Koma za opaleshoni anakana. Anati anaika kale mwana mmodzi m'manda chifukwa cha mpeni, ndipo sangapereke mkazi wa mwana wawo mwini wake kulibe. Sanakane mwankhanza ayi. Anali bambo wachifundo amene chilonda cha mumtima mwake chinali chisanapole. Kunena zoona, nanenso ndinkaopa. Ndikatseka maso ndinkaona bala la Wezi pamimba panga.

Tinatumiza uthenga ku Joni, koma masiku amenewo yankho linkatenga nthawi yaitali. Ndinkamwa mapiritsi aja mokhulupirika. Mwezi umene adokotala ananena unadutsa, ine osabwerera. Anthu ena m'mudzi, poona kuti sindikupita kuchipatala ndipo mimba ikukulabe, anayambiranso kunong'ona.

Mu Novembala msambo unabwera mwamphamvu kuposa kale lonse. M'mawa wina ndikuthirira nazale ya fodya kudambo, maso anachita mdima, ndipo ndinagwera pabedi la mbande. Nditatsitsimuka ndinapezeka ndili m'ngolo, mutu wanga uli pamiyendo ya apongozi aakazi. Amene ankayendetsa ng'ombe anali a Shaba aakulu eni ake, akuzikalipira kuti zifulumire, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

Anandigoneka m'wodi ya amayi tsiku lomwelo n'kundiika diripi. Adokotala ananena kuti ndikufunika magazi mwamsanga. Mchimwene wanga anabwera kuchokera ku Kasungu, ndipo iye pamodzi ndi mng'ono wa amuna anga anapereka magazi awo. Ndinakhala m'wodimo sabata ziwiri ndikubwezeretsa mphamvu. Moyo wa m'chipatala uli ndi kayendedwe kake. M'mamawa anamwino ankabwera kudzayeza kutentha kwa thupi, kenaka okolopa, kenaka mapemphero aafupi, kenaka adokotala akuyendera bedi ndi bedi. Nthawi yotsalayo inali yongodikira. Apongozi aakazi ankagona pamphasa pansi pa bedi langa, n'kumandiphikira kukhitchini ya odikirira odwala. A Shaba aakulu ankabwera pa njinga pafupifupi tsiku lililonse, koma sankalowa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mbawa pafupi ndi zenera la wodi, chipewa chili pabondo.

Magazi anga atakwera, adokotala anati nthawi yakwana, ndipo kudikira msambo wina kukanakhala kuika moyo wanga pachiswe. Ine ndinali nditavomera kale mumtima mwanga. Ndinauza Sisita Moyo nkhani ya Wezi, ndi chifukwa chimene bambo aja ankakhalira kunja. Iye anamvetsera osandidula. Kenaka anatuluka, n'kukagwada pafupi ndi mtengo uja. Zenera linali lotsegula, choncho ndinamva zambiri zimene anakambirana.

A Shaba anafotokoza imfa ya mwana wawo pang'onopang'ono, ngati yachitika dzulo. Anamaliza ndi funso: "Ndiuzeni, mwana wanga, chasintha n'chiyani? Mpeni si womwewo?"

Sisita Moyo anayankha kuti, "Adada, chimene chinapha mwana wanu si mpeni, koma tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinalowa pabala. Kale tinkadikira kuti bala liyambe kuvuta, ndiye n'kuyamba kupereka mankhwala. Tsopano taphunzira kuti pa opaleshoni yotere mankhwala ayenera kutsogola. Timabaya jakisoni nthawi pang'ono adokotala asanayambe kung'amba, kuti tizilombo tikamalowa tipeze mankhwala ali kale m'magazi. Inu muli ndi ng'ombe. Kodi ku dibi mumapita nazo zitagona kale ndi matenda a nkhupakupa?"

"Yayi," anatero a Shaba. "Timapita nazo zili bwino."

"Ndi chimodzimodzi. Sindingakulonjezeni kuti palibe choopsa, chifukwa opaleshoni iliyonse ili ndi zoopsa zake. Koma ndikulonjeza kuti jakisoni ameneyu ndibaya ndekha, pa nthawi yake. Ndipo tikawasiya chonchi, magazi awathera ndithu."

Kenaka ndinamva a Shaba akuti, "Mbwenu, chitani. Chiuta ndiye akudziwa." Tsiku limenelo analowa m'chipatala koyamba, n'kudinda chala chawo kuvomereza m'malo mwa mwana wawo.

Zokonzekera zinayamba dzulo lake la opaleshoni. Anandifunsa ngati jakisoni wa penisilini anandiyambitsapo zidzolo, kutupa kapena kubanika. Ndinati ayi. Anandiuza kuti ndisambe thupi lonse ndi sopo, makamaka pamimba, ndipo nditatha chakudya chamadzulo ndisadyenso kanthu. M'mawa mwake ndinasambanso, n'kuvala chovala choyera cha chipatala. Apongozi aakazi anapemphera atagwira phazi langa. Anandikweza pa bedi la mateyala n'kundikankhira ku fiyeta, chipinda chochitiramo opaleshoni.

Pakhomo la chipindacho Sisita Moyo anaimitsa bedi. Anatenga jakisoni n'kundionetsa. "NyaPhiri, uyu ndi uja ndinawauza adada," anatero. Anamulowetsa kudzera mu diripi, ndipo ndinamva kuzizira kukukwera m'mkono. Anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kuuza mnzake kuti alembe nthawi. M'katimo ndinaona adokotala akutsuka manja mpaka m'zigongono, mobwerezabwereza. Zitsulo zinali zitaphikidwa, zokulungidwa m'nsalu zobiriwira. Anandipaka pamimba mankhwala ofiirira ozizira. Bambo wogonetsa odwala anandiuza kuti nditchule mayina a ana anga. Ndinatchula Temwa, ndinatchula wachiwiri, wachitatu sindinamufike.

Ndinadzuka masana ndili m'wodi, kukhosi kutauma, mimba ikupweteka ngati yapsa ndi moto. Chinthu choyamba chimene ndinazindikira chinali chakuti kulemera kuja kwachoka. Apongozi aakazi anali pambali panga, maso ali ofiira. Anandiuza kuti adokotala anawaitana n'kuwaonetsa chotupacho m'beseni, ndipo iwo anapempha kuti amayi awiri a m'mudzi mwathu, omwe anabwera kudzazonda, achionenso. Mmodzi mwa iwo anali yemwe uja ananong'ona kumsika. Akuti atachiona anagwira pakamwa, n'kutuluka.

Koma kwa ife nkhondo yeniyeni inali isanayambe. Wezi nayenso anadzuka bwino pa opaleshoni yake. Tonse tinkadziwa kuti yankho lili m'masiku otsatira.

Tsiku lotsatira anamwino anandidzutsa kuti ndiyende. Ndinaona ngati nkhanza, koma anafotokoza kuti kugona kwambiri kumabweretsa chibayo ndi kuundana kwa magazi m'miyendo. Ndinayenda kuchoka pabedi kufika pakhomo, nditawerama ngati nkhalamba, nditagwira mimba ndi manja awiri. Tsiku lomwelo ndinaona kuti sakundipatsanso jakisoni uja. Mantha anandigwira, ndipo adokotala atabwera ndinafunsa ngati andiiwala.

"Sitinakuiwaleni," anatero. "Mankhwala aja ntchito yake inali kulondera bala pa nthawi imene linali lotsegula. Ntchitoyo yatha. Kupitiriza popanda matenda sikuwonjezera chitetezo, kumangozoloweretsa tizilombo mankhwala. Tikaona chizindikiro cha vuto, tidzayamba chithandizo china. Panopa ntchito yanu ndi kusakhudza bandeji, kusamba m'manja, kudya, ndi kuyenda."

Apongozi anga aakazi sanakhutire. Anapita ku golosale ya pafupi n'kugula makapisozi ofiira ndi akuda omwe anthu ankagula mwachisawawa, n'cholinga choti athire ufa wake pabala, monga ambiri ankachitira kumudzi. Mwamwayi anayamba afunsa Sisita Moyo. Iye sanawakalipire. Anangowauza kuti bala lotsekedwa bwino silifuna kuthiridwa kanthu, ndipo dzanja lotsegula bandeji ndi limene lingalowetse matenda. Mayiwo anamvera, ndipo kuyambira pamenepo anasanduka mlonda. Aliyense wobwera kudzandiona ankamutumiza kaye kumpopi ndi sopo, ngakhale mkulu wa mpingo.

Pabedi loyandikana ndi langa panali mayi wina wochokera kumbali ya ku Luwawa, mkazi wa wocheka matabwa. Iye anadwala m'mimba masiku ambiri ali kunyumba, ndipo pofika kuchipatala thumbo linali litaphulika kale. Matenda anali atafalikira opaleshoni isanachitike. Bala lake ankalitsuka tsiku ndi tsiku, iye akuluma chitenje kuti asakuwe, ndipo majakisoni ake sankatha. Sisita Moyo anandiuza kuti kusiyana kwa ife awiri kunali kwakuti kwa ine mankhwala anali oteteza, pomwe kwa iye anali othamangitsa mdani amene walowa kale m'nyumba. Mayiyo anachira, ndipo tinakhala pa ubwenzi zaka zambiri, koma anatsala m'chipatala nthawi yaitali ine nditatuluka.

M'mawa uliwonse namwino akandiika kagalasi koyezera kutentha m'khwapa, apongozi anga ankasiya chilichonse n'kumuyang'ana kumaso. Namwino akati zili bwino, mayiwo ankapita pazenera n'kugwedeza mutu, ndipo bambo aja pansi pa mbawa ankabwezera chipewa kumutu. Tsiku limene Wezi anayamba kutentha thupi linafika kwa ine, n'kudutsa. Lotsatira linadutsanso. Ndinayamba kumwa phala, kenaka kudya bwinobwino. Ndinkayenda mpaka kumapeto kwa khonde ndekha.

Kenaka linafika tsiku lotsegula bala. Sisita Moyo anatchinga bedi ndi nsalu, anasamba m'manja, n'kuyamba kumatula bandeji pang'onopang'ono. Ine ndinayang'ana kudenga, chifukwa ndinalibe mtima woona. Ndinkangodikira fungo lija. Silinabwere.

"Taonani nokha, NyaPhiri," anatero.

Ndinaweramutsa mutu. Bala linali louma, lopanda kutupa, lopanda kufiira, mbali zake zitagwirana bwino, ulusi uli m'malo mwake ngati msoko wa telala waluso. Panalibe ngakhale dontho la mafinya. Apongozi anga anasuzumira, anayang'anitsitsa, anasendera pafupi n'kununkhiza. Kenaka mayi wofatsa uja, amene sindinamumvepo akukweza mawu, analuluta nthungululu pakati pa wodi. Odwala ena anadzidzimuka, koma atamva chifukwa chake anayamba kuwomba m'manja, ndipo mayi wa ku Luwawa uja anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi ali chigonere. Anamwino sanatiletse. Apongozi anathamangira panja osavala nsapato. Ndinaona pazenera a Shaba aakulu ataimirira, akumvetsera, kenaka n'kukhalanso pansi ataphimba maso ndi chipewa. Mapewa awo ankagwedezeka.

Ulusi anachotsa patapita masiku ena ochepa, ndipo ananditulutsa kumayambiriro kwa Disembala. Anandilangiza kuti ndisanyamule zolemera, ndisalime kapena kusinja kwa miyezi ingapo, ndipitirize mapiritsi a magazi, ndipo ndibwerere msanga ndikaona kutentha thupi, kutupa kapena madzi pabala. Potsanzikana, a Shaba anagwira dzanja la Sisita Moyo ndi manja awiri n'kumuthokoza kuti, "Yewo chomene, mwana wane."

Lamulungu lotsatira anapha mbuzi n'kuitana mudzi wonse. Anthu atadya, a Shaba aakulu anaimirira n'kufotokoza matenda anga poyera, popanda kubisa. Anati mkamwana wawo ananamiziridwa ali pafupi kufa, ndipo iwo eni anatsala pang'ono kumutaya chifukwa cha mantha. Kenaka anachita chinthu chimene chinadabwitsa onse. Anatembenukira kumene ndinakhala pakati pa amayi, n'kundiyankhula ine mwini, pamaso pa anthu. Anati kuyambira tsiku limenelo ndisamawathawenso, chifukwa ndine mwana wawo wamkazi. Amayi ena anabwera mmodzimmodzi kudzandipepesa. Ndinawakhululukira, pakuti nawonso ankangoona zakunja. Ndiwo omwe ananditungira madzi ndi kundipalira munda dzinja lonse.

Amuna anga anabwera chaka chotsatira. Mphekesera yoipa ija inali itawafika ku Joni kudzera mwa anzawo, uthenga woona usanafike, ndipo anakhala miyezi ali ndi mtima wosweka. Bambo awo anakawachingamira kusiteji ya basi n'kuwauza zonse ali m'njira. Atafika kunyumba anandipeza ndikupeta chimanga, nditanenepa, nkhope itabwerera. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akungondiyang'ana. Sanabwererenso kumigodi. Za kuti sindidzaberekanso sanazitenge ngati nkhani. Anati ana atatu okhala ndi mayi wawo aposa khumi amasiye.

Lero ndine wokalamba, koma ndikadali ndi mphamvu. Ndimalima munda wanga, ndimayenda wapansi kupita kutchalitchi, ndipo ndalera zidzukulu zambiri. Kuchokera nthawi imeneyo sindinadwalepo matenda a m'mimba. Chipsera changa chinafota moti ndimachita kuchifunafuna. Kwa zaka zambiri amayi a m'dera lathu akauzidwa za opaleshoni amabwera kwa ine mwakachetechete, ndipo ena ndawaperekeza ndekha mpaka pakhomo la fiyeta.

Kwa amayi anzanga ndikuti, msambo wopitirira, chotupa m'mimba, kufooka ndi kuyera kwa zikhatho si zinthu zobisa. Pitani kuchipatala zikangoyamba, musadikire kuti anthu akuyankhulireni kapena kuti mugwe. Akakuuzani za opaleshoni, musathawe chifukwa cha zimene zinachitikira wina kale. Funsani mafunso. Funsani ngati mudzalandira mankhwala oteteza bala opaleshoni isanayambe, ndipo auzeni ngati mankhwala ena amakuwengani. Musagule makapisozi panokha, musathire kanthu pabala, ndipo mukabwerera kunyumba n'kuona thupi likutentha kapena bala likusintha, bwererani tsiku lomwelo. Kwa abambo ndi apongozi ndikuti, mantha anu ndi omveka, koma pitani nawo kwa adokotala mukawafunse, m'malo mokhala nawo pakhomo wodwala akufooka. Ine ndinapita mochedwa ndipo ndinapulumuka. Inu pitani msanga, mudzachire mosavutika kuposa ine.